Nyimbo ya mu 1860 imene poyamba inkamveka ngati ya mtsikana

Aphunzitsi Opuma: Moni nonse pagulu pano. Ndaika kanthu pamwambapa, ka masekondi 20 okha. Mukamvere pamalo a zii, makamaka usiku ana atagona. Musanathamangire kukafufuza pa intaneti, ndiuzeni kaye chimene makutu anu akumva.

Nabanda: Aphunzitsi, mwatitumizira udzudzu? Ndamvera katatu. Ndi udzudzu umene walowa m'neti ndipo ukusowa potulukira.

Wa Studio: Kkkkk ine ndimayesa sipika ya foni yanga yalowa madzi. Koma mkati mwa phokosolo muli munthu ndithu, akuyimba mokoka ngati wangodzuka kumene. Madala, chimenechi n'chiyani?

Aphunzitsi Opuma: Mnyamata wa studio ali ndi khutu. Ndi munthu, ndipo akuyimba kanyimbo ka Chifalansa kotchedwa Au clair de la lune. Tsiku lake ndi 9 April 1860, ku Paris. Nthawi imeneyo Thomas Edison anali kamnyamata, makina ake olankhula anadzabwera mu 1877, patapita zaka 17.

Mwini wake anali Édouard-Léon Scott de Martinville, munthu wa ntchito yosindikiza mabuku. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti bamboyu sankafuna n'komwe kuti mawuwo adzamvekenso. Iye ankafuna kuti mawu azidzilemba okha papepala, munthu n'kumawawerenga ndi maso ngati kalata. Ndiye anapanga chilipenga chachikulu, kumapeto kwake n'kukungako nembanemba ngati chikopa cha pang'oma, pa nembanembapo n'kumatapo katsitsi kouma. Pafupi pake pankazungulira pepala limene analidetsa ndi mwaye wa nyali. Munthu akayimba m'chilipengamo, nembanemba inkanjenjemera, katsitsi kaja n'kumakanda mwaye, kusiya kamzere koyera kokhotakhota. Basi, nkhani yathera pomwepo. Anamwalira mu 1879 asanamvepo mawu akewo ngakhale kamodzi. Mapepala anangokhala m'mabokosi ku Paris mpaka 2008, pamene kagulu ka ofufuza a ku America kotchedwa First Sounds kanawajambula pa kompyuta n'kusandutsa timizere tija kukhala phokoso mwamvalo.

Mai a Tadala: Dikirani kaye aphunzitsi. Ine kanyimbo kameneka ndimakadziwa, koma osati chonchi. Mu 2008 ndinali nditangofika kuno ku Leeds, ndipo anakaika pa wailesi ya BBC m'mawa. Ankayimba anali mtsikana, ka mawu kang'onong'ono kothamanga. Ndikukumbuka bwino chifukwa mayi wowerenga nkhani, Charlotte Green, anagwidwa ndi phwete atangokamva, ndiye nkhani yotsatira inali ya maliro a munthu. Anayesa kudzigwira koma zinakanika, mpaka mawu kutsamwa. Kuntchito kwathu tsiku lonse nkhani inali yomweyo. Nanga bwanji kanu kano akuyimba ndi mwamuna?

Aphunzitsi Opuma: Mayi, mwandilanda nkhani m'kamwa, ndimafuna ndifike pamenepo. Ndi pepala lomwelo. Scott ankazungulitsa pepalalo ndi dzanja, ndiye palibe amene ankadziwa kuti ankapukusa mothamanga bwanji. Mwamwayi, pambali pa mzere wa mawu ankalembanso mzere wa kachitsulo kamphanda kamene oyimba amachunira zida, kamene kamanjenjemera mosasinthasintha. Ofufuza aja anawerengera molakwa kanjenjemeredwe ka kachitsuloko, n'kuyendetsa nyimboyo pa liwiro lowirikiza kawiri. Dziko lonse linamva mtsikana, ena n'kumati mwina ndi mwana wake wa Scott. Chaka chotsatira anapeza cholakwacho, anaichedwetsa, mtsikana uja n'kusanduka bambo wa mawu okoka. Ambiri amati ndi Scott mwini wake.

Wa Studio: Ndiye kuti chaka chathunthu anthu ankamvera chisoni mtsikana woti sanakhaleko! Zimenezi ndimazidziwa. Woyimba akabwera ndi mawu osafika pamwamba timangomukweza pa kompyuta, amayi ake akamva pa wailesi amafunsa kuti ameneyu ndi ndani.

Nabanda: Mwandikumbutsa kwathu ku Ntcheu. Agogo aamuna anabwera ku Joni ndi galamafoni yopukusa, yakuda, yotsekeka ngati sutikesi. Ine ndinaipeza itakalamba kale koma ikuyimbabe. Ankaitulutsa pa Khirisimasi pokha, kuika pampando pakhonde, ife ana kukhala pansi patali, woikhudza ndi iwo okha. Ndiye chimene tinkadikira ife si nyimbo ayi. Tinkadikira sipulingi ithe mphamvu. Mayi woyimba uja ankayamba bwinobwino, kenaka mawu n'kumatsika, kutsika, mpaka kusanduka chidakwa chachimuna chimene chikugwera m'ngalande. Ife kugubuduka ndi kuseka. Agogo n'kudzuka mokwiya kukapukusa, chidakwa chija n'kubwereranso kukhala mayi. Azakhali anga ena ankakhulupirira ndithu kuti m'bokosimo muli tianthu, ankasuzumira kumbuyo.

Zulu wa ku Chipata: Achemwali, kwathunso zinali choncho. Singano zikatha malume ankanola zakale pamwala. Tsiku lina anayesa munga wa mtengo, inayimba ndithu koma motsika mawu.

Aphunzitsi Opuma: Amalume anu sanalakwe kwenikweni pa munga, ngakhale ku Ulaya ankagulitsa singano za minga ndi za nsungwi chifukwa sizinkadya mbale. Koma yachitsulo yonola pamwala ija ndiye inkalima mbale ngati khasu. Lamulo linali lakuti singano imodzi, mbali imodzi ya mbale, kenaka kutaya. Ndani kwathu kuno akanataya chitsulo chooneka chabwinobwino?

Wa Studio: Pepani nditsutse pang'ono. Nkhani zake n'zokoma, koma zomverazo zilibe kanthu. Ndapita kukamvera ina imene inatulukira pambali, ati kwaya ya ku London ya mu 1888. Ndi mphepo yokhayokha. Munthu ungakhale pansi kumvera mphepo?

Aphunzitsi Opuma: Imeneyo ndi ya pa 29 June 1888, m'chinyumba chagalasi chotchedwa Crystal Palace. Ankayimba nyimbo ya Handel, wopeka nyimbo wakale wotchuka, yonena za Aisiraeli ku Iguputo, oyimba pafupifupi 4,000. Amene anajambula ndi Colonel George Gouraud, nthumwi ya Edison ku England, ndipo makina anawaika kutali kwambiri ndi oyimbawo, mtunda wonga kutalika kwa bwalo la mpira. Mverani kachiwiri, koma musamasake mawu. Muzingomvera mmene phokosolo likukwerera ndi kutsika.

Nabanda: 4,000? Ife kwaya yathu tilipo 32 koma kuti tiyambire limodzi ndi nkhondo.

Ndamvera tsopano. Achimwene a studio, si mphepo ayi. Zikumveka ngati mmene umamvera anthu akuyimba kumaliro kutsidya kwa dambo usiku, mawu osawamva koma nyimbo ukuidziwa kuti ilipo. Thupi langa lachita tsembwe. Anthu onsewo anapita kalekale, koma apa atsegula pakamwa nthawi imodzi.

Mai a Tadala: Chaka chomwecho Gouraud yemweyo ankaitana anthu otchuka kunyumba kwake kuti adzaone makinawo. Mmodzi anali Arthur Sullivan, wopeka nyimbo wotchuka wa kuno. Analankhula m'makinamo uthenga wopita kwa Edison, ndipo ulipo mpaka lero. Mwachidule anati wadabwa kwambiri, komanso wachita mantha poganiza kuti nyimbo zoipa zambirimbiri zidzasungidwa mpaka kalekale.

Wa Studio: Mkuluyo anali mneneri. Kompyuta yanga yadzaza ndi umboni.

Admin: Kkkk. Koma tisatchule maina a oyimba athu pano chonde, tinayambanapo kale.

Wa Studio: Funso lenileni tsono. Popanda maikolofoni ankajambula bwanji? Mawu a munthu ndi a piyano ankawasakaniza pati?

Aphunzitsi Opuma: Ankasakaniza ndi miyendo, mwana wanga. Magetsi analowa m'ntchito yojambula nyimbo mu 1925. Zaka zonse za m'mbuyomo, mphamvu yokhayo yokanda phula inali mpweya wa woyimba. Pakhoma pankatuluka lipenga, kuseri kwake kuli singano ikusema kanjira paphula lofewa. Wa mawu ochepa ankamuika pafupi ndi lipenga, wa chida chaphokoso kutali kumbuyo. Piyano ankaikweza pathandala kuti ifanane msinkhu ndi lipenga. Woyimba akafika pa mawu okweza ankayenera kubwerera m'mbuyo, apo ayi singano inkalumpha n'kuwononga zonse, ndipo osazolowera ankachita kukokedwa paphewa ndi wojambula. Vayolini wamba sinkamveka bwino, mpaka munthu wina dzina lake Augustus Stroh anapanga vayolini yokhala ndi lipenga lachitsulo m'malo mwa thupi lathabwa. Chida chachikulu cha zingwe chija cha mawu a besi ankachichotsa n'kuikapo lipenga lalikulu la tuba.

Ndiye chimene ndimafuna muone ndi ichi. Tikamamvera mbale za nthawi imeneyo timaganiza kuti tikumva mmene anthu akale ankayimbira. Ayi. Tikumva mmene ankayimbira atapanikizana m'kachipinda, akukuwira m'chitsulo, nyimbo ataidula kuti ikwane mphindi ziwiri kapena zitatu.

Che Saidi: Salaam nonse, ndimangowerenga. Aphunzitsi, ndinamvapo kuti poyambirira kunalibe kukopera, nyimbo iliyonse yogulitsa ankachita kuyimba payokha. Zoona?

Aphunzitsi Opuma: Zoona, Che Saidi, ndipo pamenepo pali nkhani ya munthu amene ndimamuganizira kawirikawiri. Makina oyambirira a Edison sankagwiritsa mbale zafulati, ankagwiritsa timasilinda taphula tooneka ngati kachitini kopanda chivundikiro. Cha m'ma 1890 njira yabwino yokopera inali isanapezeke. Ndiye ankandandalika makina angapo, malipenga onse kuloza pakamwa pa woyimba. Akayimba kamodzi, masilinda atatu kapena asanu atuluka. Mukufuna 200? Ayimbenso, ayimbenso.

Tsono panali George W. Johnson, munthu wakuda wobadwira ku Virginia mu 1846, nthawi ya ukapolo. Ankapeza ndalama poyimba likhweru m'misewu ndi pamadoko a ku New York. Mu 1890 anthu a makinawa anamutenga chifukwa likhweru lake ndi mawu ake zinkalowa bwino m'lipenga. Nyimbo yake yotchuka inali The Laughing Song, imene kolasi yake ndi kuseka basi, kuseka kotsatira kayimbidwe. Inagulidwa kwambiri zedi m'zaka zimenezo. Ndiye taganizani: bambo ameneyu ankaima kutsogolo kwa malipenga n'kuseka nyimbo yomweyo, tsiku lina kupitirira ka 50. Mawa lake chimodzimodzi. Kwa zaka.

Nabanda: Kumeneko si kuseka, ndi ganyu. Ine kuseka kwa ulemu kwa apongozi mphindi ziwiri zokha masaya amawawa.

Mai a Tadala: Ndipo mawu a nyimbo zakezo ndi onyoza anthu akuda. Ina ija ya likhweru dzina lake lenilenilo sindingalilembe pano. Azungu ankalipira kuti amve munthu wakuda akudzinyoza yekha uku akuseka. Ndinaimvera kamodzi, sindinathe kuimaliza.

Aphunzitsi Opuma: N'zoona mayi, sindikubisa zimenezo. Koma ine ndinaimaliza, ndipo ndinaibwereza. Luso lilipo, kusekako kumagwera pa kugunda kwa nyimbo ndendende, ndipo kumapatsirana ngakhale usakufuna. Chimene chinamugwetsa ndi makina omwewo amene anamukweza. Atapeza njira youmba masilinda ambirimbiri kuchokera pa imodzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sankafunikanso kubwera tsiku ndi tsiku. Kuyimba kamodzi kunakwana. Anamwalira wosauka mu 1914, manda ake anakhala opanda chizindikiro mpaka 2014.

Wa Studio: Eish. Ndiye kuti vuto la woyimba kulandira kamodzi ena n'kumadyerera linayamba tsiku loyamba lomwe.

Zulu wa ku Chipata: Za kusekazi zinalipo zambiri kodi? Ndinapezapo ina, munthu akuliza lipenga mwachisoni, mayi wina n'kuyamba kuseka, mpaka wolizayo naye kulephera kupitiriza.

Aphunzitsi Opuma: Imeneyo ndi The Okeh Laughing Record, inatuluka ku America mu 1922 koma inajambulidwa ku Germany. Palibe mawu ngakhale amodzi, n'chifukwa chake inkagulidwa m'mayiko a zilankhulo zosiyanasiyana. Zachilendo zinalipo zambiri. Mu 1890 Edison anagulitsa zidole zokhala ndi kasilinda m'mimba, atsikana olembedwa ntchito ankakuwira m'lipenga tinyimbo ta ana, chidole chilichonse payekhapayekha. Zinakhala pamsika masabata ochepa chabe. Kampani ina ya ku Germany, Stollwerck, mu 1903 inapanga mbale za chokoleti, ukatopa nayo nyimbo umadya.

Nabanda: Chidolecho ndachipeza, ndamvera. Aphunzitsi, Mulungu akukhululukireni. Chimenecho ukachipeza m'nyumba usiku umaitana abusa.

Mai a Tadala: Ine imene inandikhalitsa chete ndi ya Alessandro Moreschi. Mnzanga wa ku Italy kuntchito ndi amene anandimvetsera. Ndinayesa ndi mayi wachikulire akulira poyimba. Anandiuza kuti ndi bambo wa zaka zoposa 40, wa m'kwaya ya Papa ku Sistine Chapel, amene anafulidwa ali mwana mawu asanasinthe.

Nabanda: Anatani?? Ngati mbuzi?

Mai a Tadala: Momwemo achemwali. Kwa zaka mazana angapo ku Italy ankachita zimenezo kwa anyamata a mawu abwino, chifukwa akazi sankaloledwa kuyimba m'kwaya za tchalitchi kumeneko koma mawu apamwamba ankawafuna. Mwanayo ankakula ndi chifuwa cha mwamuna, kholingo la mwana. Moreschi anabadwa mu 1858, anamujambula ku Rome mu 1902 ndi 1904, anamwalira mu 1922. Mwa onse a mtundu umenewo, ndi iye yekha amene anasiya mbale akuyimba payekha.

Wa Studio: Ndamvera. Kunena zoona sakuyimba bwino. Akuchita kukwera mawu ngati akutsetsereka, penapake ngati akusisima.

Aphunzitsi Opuma: Akatswiri amakangana pa mfundo yomweyo mpaka lero. Ena amati anali atadutsa msinkhu wake wabwino. Ena amati kusisimako ndi kutsetserekako kanali kayimbidwe kovomerezeka ka nthawi imeneyo, makutu athu ndi amene anasintha. Ine ndimaonjeza kuti munthu woyimba m'tchalitchi chachikulu moyo wake wonse, mwadzidzidzi mwamuimika pa chitsulo, simungayembekezere kuti amasuke. Pa mbale ina anzake a m'kwaya akumveka akumuchemerera kumapeto. Iwo anali m'chipindamo, ife tili kuseri kwa lipenga.

Nabanda: Kaya ankayimba bwino kaya ayi, ine ndikuganiza za mayi ake.

Che Saidi: Tsono abale, tayenda Paris, London, New York, Rome. Ife kuno kunalibe pakamwa? Ndikufunsa dala, chifukwa yankho lina ndili nalo. Mu 1906 Mjeremani wina wa ku Leipzig, Karl Weule, anayenda kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania, kuchokera ku Lindi kulowa mkati mpaka Masasi ndi Newala. Ananyamula makina a masilinda aphula, ndipo anajambula nyimbo za Amakonde, Amakua ndi Ayao. Ayao, anthu a mtundu wanga, chaka cha 1906! Masilindawo anapita ku Berlin, kunkhokwe ya mawu imene Carl Stumpf anayambitsa mu 1900. Ndipo muone nthawi yake: nkhondo ya Maji Maji inali isanazime, Ajeremani akuwotcha midzi ndi minda kum'mwera komweko. Ndiye mzungu wa boma lomwelo wafika ndi bokosi, akuti imbani. Munthu ukanakana?

Aphunzitsi Opuma: Che Saidi, mfundo yanu ndi yolemera ndipo sindikuitsutsa. Nkhokwe za ku Berlin zili ndi zinanso zowawa kuposa pamenepo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1915 mpaka 1918, akatswiri a ku Germany ankayenda m'misasa ya akaidi a nkhondo kujambula zilankhulo ndi nyimbo za asilikali ogwidwa, Amwenye ndi Aafirika omwe. Mkaidi sapempha kuti ayimbe. Komabe ndifunse: pakanapanda bokosi la Weule, inu lero mukanamva chiyani cha 1906?

Che Saidi: Ndikanamva agogo anga, amene anamva kwa agogo awo. Nyimbo sizinkadikira phula kuti zikhale ndi moyo, aphunzitsi. Ndipo kunena zoona, masilindawo ndani wa ku Masasi kapena kwathu ku Mangochi anawamvapo? Anakhala ku Berlin, nkhondo yachiwiri itatha ambiri anatengedwa ndi asilikali a Soviet Union, anadzabwerera m'malo mwake cha mu 1991. Ayenda mayiko ambiri kuposa zidzukulu za oyimbawo.

Aphunzitsi Opuma: Pa Ayao mukhoza kutero chifukwa Chiyao chilipo, chikuyankhulidwa, unyago ukuvinidwa. Koma taganizani za Fanny Cochrane Smith wa ku Tasmania, chilumba cha ku Australia. Mu 1899 ndi 1903 anayimba nyimbo za makolo ake m'lipenga. Masilinda amenewo ndi okhawo padziko lonse mmene mukumveka chilankhulo cha eni nthaka a pachilumbacho kuchokera pakamwa pa munthu amene anachimva ali mwana. Zidzukulu zake zimawatenga ngati chuma. Pamenepo phula linagwira ntchito imene agogo sakanathanso kuigwira.

Che Saidi: Linagwira, inde, atatha kupululutsa anthu ake. Tisiyire pomwepo, sitigwirizana lero.

Zulu wa ku Chipata: Ndiponyeko ya munthu wakuda amene analowa yekha pakhomo, osachita kugwidwa. Sol Plaatje wa ku South Africa, mmodzi mwa oyambitsa chipani chimene chinadzakhala ANC, ali ku London mu October 1923 anajambula Nkosi Sikelel' iAfrika, mayi wina dzina lake Sylvia Colenso akumuyimbira piyano. Ndi koyamba nyimbo imeneyo kulowa m'mbale. Anaipeka ndi Enoch Sontonga mu 1897. Kwa ife a ku Zambia imatikhudza chifukwa nyimbo ya fuko lathu imayenda pa chuni chomwecho. Plaatje sanali katswiri woyimba, mawu ake ndi a munthu wamba wa m'tchalitchi, koma ukamva umaimirira wekha.

Che Saidi: Imeneyo ndiye ndaikonda. Onjezanipo Siti binti Saad wa ku Zanzibar, amene anakwera sitima kupita ku Bombay mu 1928 kukajambula nyimbo za taarab m'Chiswahili. Mbale zake zinkagulidwa ndi anthu ake omwe, osati kukasungidwa m'kabati ku Ulaya.

Nabanda: Nanga za kwathu kwenikweni, za Chichewa, Chitumbuka, Chimang'anja?

Aphunzitsi Opuma: Zimene ine ndazimva ndi makutu anga ndi za Hugh Tracey, amene anayenda mu Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958. Muli bangwe, malipenga, nyimbo za pamtondo, ndi zina zambiri. Zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954, pano ili ku Rhodes University ku South Africa. Koma imeneyo ndi nthawi ya matepi ndi maikolofoni, si ya lipenga ndi phula. Zimamveka bwino kwambiri moti ungayese anajambula dzulo. Ndipo Che Saidi akondwereko pang'ono, Tracey kawirikawiri ankalemba dzina la woyimba ndi dera lake.

Wa Studio: Mwadzidzidzi ndazindikira chinthu. Timati woyimba watulutsa chimbale, chonsecho nyimbo zake zili pa foni, palibe chozungulira chilichonse. Ndiye kuti mawuwa anatsalira kuchokera ku mbale za agogo a Nabanda.

Nabanda: Mwandichititsa kuimbira foni mlongo wanga kumudzi usiku uno. Akuti galamafoni ija anaiphwasula ana kalekale, sipulingi anapangira misampha ya mbewa. Koma mbale zilipo m'thiranki ya agogo, pansi pa mabulangete. Wanditumizira zithunzi. Zilipo zisanu, imodzi yosweka pakati, ina yobenthuka m'mphepete. Zadetsedwa ndi fumbi ndi nkhungu. Akuti mawa azipukuta ndi spiriti kuti ziwale.

Wa Studio: AYI! Muimbireninso pompano!

Aphunzitsi Opuma: Mayi, thamangani ndithu. Mbale zimenezo si pulasitiki. Anazipanga ndi shellac, utomoni umene timatulutsa tizilombo tina ta m'mitengo ku India, wosakaniza ndi fumbi la miyala. Utomoni umenewo umasungunuka mu spiriti, ngakhale mu kachasu. Akangopukuta, tinjira ta nyimbo tifafanizika, mutsala ndi mbale yowala yopanda mawu. Madzi wamba ozizira, kadontho ka sopo wotsukira mbale, kansalu kofewa, kupukuta motsatira mizere, osanyowetsa pepala lapakati. Aziumitse pamthunzi, osati padzuwa. Ndipo asaziyimbe pa makina a mbale zapulasitiki zija za m'ma 1970, singano yake ndi yosiyana ndipo liwiro lake liyenera kukhala 78, ndiye kuti kuzungulira ka 78 pa mphindi.

Wa Studio: Ndipo ngakhale 78 yomweyo musaikhulupirire kwambiri, ndawerenga kuti mbale zakale kwambiri zina zinkajambulidwa mochedwerapo, zina mothamangirapo. Tingadzapezenso mtsikana wina wa ku Paris. Zikafika ku Blantyre ndikhoza kuzisamutsira pa kompyuta, ndili ndi mnzanga ali ndi makina oyenera. Osazinyamula chogoneka m'chikwama pa minibasi chonde, aziike choimika pakati pa makatoni.

Nabanda: Ndamupeza, anali atagula kale spiritiyo koma sanayambe. Akuti ndiye atani nayo, ndamuuza asunge ya zilonda.

Che Saidi: Pa mapepala apakatipo palembedwa chiyani? Maina a oyimba akuoneka?

Nabanda: Ziwiri zikuoneka kuti ndi za Chizulu, zilembo zake zafufutika koma ndikutha kuwerenga Johannesburg pansi pake. Ziwiri sindikuona bwino, chithunzi chachita mdima. Yachisanuyo, imene ndikuganiza kuti ndi ya mayi wosanduka chidakwa uja, chiswe chinadya pepala lonse. Dzina la nyimbo palibe, la woyimba palibe. Changosiya kagalu kaja kosuzumira m'lipenga, nakonso kopanda mchira.

Mai a Tadala: Kkkkk kagaluko dzina lake ndi Nipper, wapulumuka.

Nabanda: Loweruka ndikupita ku Ntcheu ndikazitenge ndekha. Achimwene a studio, nditumizireni nambala yanu kumbali. Ndipo mukadzaisamutsa ya chiswe ija, mundipangire ziwiri: ina pa liwiro lake, ina yomatsika pang'onopang'ono ngati sipulingi yatha.